Mapu ochokera ku Boston ndi msewu wa ku Kachulu

Loweruka lapitali ndinali pa depoti ya Zomba, ndakhala m'minibasi yodikira kudzaza, thumba la ufa lili pamiyendo. Foni inalira. Anali mwana wa mchemwali wanga, uja anapita ku Boston kukawonjezera maphunziro. Ananditumizira pa WhatsApp mapu awiri a dziko la America. Oyamba anali osonyeza momwe zigawo zimavotera, zina zofiira zina zabuluu. Achiwiri anali a momwe ana amakhozera kusukulu. Pansi pake analemba kuti: "Amalume, taonani. Komwe amavotera chipani chokakamira zakale, sukulu n'zogwa. Komwe amavotera ofuna kusintha zinthu, ana akukhoza. Kodi si chimodzimodzi ndi kwathu?"

Poyamba ndinasokonezeka ndi mitunduyo, poti ife kuno tikaona buluu timaganiza za DPP, yelo ndi UDF, olenji ndi PP. Kumeneko kofiira ndi kwa Republican, chipani chomwe anthu ake ambiri amagwiritsa chipembedzo ndi miyambo, ndipo safuna misonkho yambiri kapena boma lolowerera paliponse. Kwabuluu ndi kwa Democrat. Ndinangomuyankha kuti ndaona, chifukwa kondakitala anali atayamba kale kutipanikiza anayianayi. Koma nkhaniyo ndinapita nayo mpaka ku Chinamwali, ndipo usiku sindinagone nayo bwino.

Mnyamatayu sakunama pa zonse. Chigawo cha Massachusetts, komwe kuli Boston, chimavotera Democrat ndipo chimakhala pamwamba kawirikawiri pa mayeso a NAEP omwe amayezera ana a dziko lonselo. Mississippi, wa Republican, anakhala kumchira zaka zambirimbiri. Koma ine ndine mphunzitsi wa Sitandade 2, ndipo ntchito yanga ndi kufunsa mwana kuti chinayamba n'chiyani, chinatsatira n'chiyani. Ku Massachusetts anakhazikitsa lamulo mu 1647 loti mudzi uliwonse wa mabanja 50 ulembe munthu wophunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba. Analikhazikitsa anthu opemphera kwambiri, okhwimitsa malamulo a tchalitchi, omwe ankafuna kuti mwana aliyense aziwerenga yekha Baibulo. Nthawi imeneyo kunalibe Democrat, kunalibe Republican, ngakhale dziko lotchedwa United States kunalibe. Mu 1852 chigawochi chinakhala choyamba kukakamiza makolo kutumiza ana kusukulu. Mississippi anali womaliza, mu 1918. Chuma cha kumeneko chinali thonje lolimidwa ndi akapolo, ndipo m'madera ambiri akummwera kwa America kuphunzitsa kapolo kuwerenga unali mlandu. Chomwe chinandiseketsa ndekha n'chakuti Mississippi ankavotera Democrat kwa zaka zambiri mpaka cha m'ma 1960, pomwe Massachusetts kale anali wa Republican. Zipani zinasinthana nyumba, koma wakumchira anakhalabe kumchira.

Tsono funso lake loti kodi si chimodzimodzi ndi kwathu. Inde, n'chimodzimodzi, koma osati momwe iye akuganizira.

Aliyense wa msinkhu wanga akukumbukira 14 June 1993. Kumpoto ndi kummwera anasankha nyali, matipate. Chigawo chapakati, madera ambiri anakhalabe ndi tambala wakuda. Chaka chotsatira mapu anadzijambula okha: Chakufwa Chihana kumpoto, Kamuzu pakati, Bakili Muluzi kuno kummwera. Ndipo n'zoona kuti kalembera akachitika, kumpoto kumapezeka anthu ambiri odziwa kulemba ndi kuwerenga kuposa zigawo zinazi. Munthu wofulumira angati ndiye kuti AFORD, chipani cha Chihana, inaphunzitsa anthu. Koma a mishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Robert Laws anakwera ku Khondowe n'kuyambitsa sukulu yomwe inkatulutsa aphunzitsi, makalaliki ndi amisiri. Ndi zaka 100 zathunthu chisankho cha 1994 chisanachitike. Kumpoto kunalibe minda yambiri ya azungu yolemba anthu ntchito, ndiye banja likafuna ndalama, njira inali satifiketi kapena ulendo wa ku Joni ndi ku Harare. Kuno kwathu agogo anga aamuna anali pa thangata, kulimira mzungu kuti asawachotse pamalo. Mwana wogwira khasu m'munda wa fodya alibe nthawi ya silabasi. Abale athu achiyao a Chisilamu nawo ankaopa sukulu za mishoni, ndipo sankaopa pachabe, chifukwa mwana ankapita ndi dzina lina n'kubwerako ndi lina, atabatizidwa. Ambiri anasankha madrasa. Pa Domasi pompa mishoni inalipo kuyambira m'ma 1880, koma si khomo lililonse lomwe linkaona kuti sukuluyo ndi yake.

Zomwe zimachitika anthu akayamba kuwerenga mapu a sukulu ngati mapu a ndale, ine ndinaziona ndi maso anga.

Mu 1989 ndinali Fomu 3. Aphunzitsi athu a masamu anali ochokera ku Rumphi, bambo wamfupi wovala jekete imodzimodzi tsiku lililonse, Chichewa chawo chopindika pang'ono moti tinkawayeseza akatembenukira ku bolodi. Ankabwera Loweruka m'mawa osalipidwa, kudzatibwereza ma equation. Mwana akalakwa sankamukwapula, ankangoti, "Tiyambirenso, mwana wane." Chaka chimenecho kunabwera lamulo lochokera kumpando loti aphunzitsi onse abwerere kukaphunzitsa m'zigawo zakwawo. Chifukwa chomwe chinanenedwa chinali choti aphunzitsi a kumpoto akuphunzitsa mwadala mosalongosoka ana a zigawo zina. Ife ana tinkadziwa kuti kwa aphunzitsi athuwa limenelo linali bodza, koma masiku amenewo ngakhale khoma linali ndi makutu. Ndikukumbukira lole itaima kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, atakwezapo bedi, mpando wa ndalema, mtondo ndi katoni ya mabuku yomangidwa ndi luzi. Akazi awo ankalira osatulutsa mawu. Iwo anatipatsa moni wa m'manja mmodzimmodzi, ife anyamata asanu omwe tinalimba mtima kupita kukawathandiza kunyamula.

Teremu yonse yotsatira piriyodi ya masamu tinkangokhala, wina akulemba mayina a olongolola. Kenako anatipatsa mphunzitsi wa Bible Knowledge kuti aziyesako. Anali munthu wabwino, ankawerenga buku usiku n'kudzatiuza m'mawa zomwe wamvako. Pa MSCE ya 1990 masamu ndinalakwa. Lamulo lomwe ankati likuteteza ana a kummwera linandilanda masamu ine mwana wa kummwera.

Za kota, njira yosankhira ana ku yunivesite potengera komwe akuchokera, sindinena zambiri, zinakambidwa mokwanira. Inayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khothi linaikana mu 1993, inabwereranso nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo anaithetsa mu 2020. Mbali zonse zinali ndi misozi yake. Mwana wa ku Karonga wokhoza bwino n'kutsala, wina wa mapointi ochuluka n'kulowa, zimenezo n'zowawa. Mwana wa ku Chingale amene sanaonepo labotale n'kumuuza kuti apikisane ndi wa ku sekondale ya national, n'zowawanso. Chomwe chinkandinyansa n'chakuti zaka zonsezo tinkakangana za khomo la ku yunivesite, pomwe ana ambiri amagwera pa Sitandade 3 ndi 4, kutali kwambiri ndi khomolo.

Ndikudziwa chifukwa ndi komwe ndakhala moyo wanga wonse. Mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Aphunzitsi anachepa, ndiye anatilemba ife a MSCE ndi JCE, kutiphunzitsa masabata owerengeka n'kutipatsa choko. Maphunziro enieni a uphunzitsi tinadzachita pambuyo pake kudzera mu MIITEP. Ine ananditumiza ku sukulu ina ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Kalasi yanga yoyamba inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi yotsamira pa tsinde, ana oposa 100. Mvula ikayamba, sukulu yatha.

Ndikanakonda mwana wa mchemwali wangayo akadzabwera patchuthi tidzayende limodzi msewu wa ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Tidzayambire ku Chirunga, pa yunivesite yomwe inasamukira kuno mu 1973. MANEB, yomwe imakonza mayeso a dziko lonse, ili mu Zomba momwemuno. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, komwe amalemba silabasi, ndi koleji ya aphunzitsi a sekondale. Box 2, sekondale ya Zomba Catholic, inatsegulidwa mu 1942, ndi imodzi mwa sekondale zoyambirira m'dziko muno. Kunena za maphunziro, palibe boma lomwe linapatsidwa zambiri chonchi. Kenako tidzadutse Matawale n'kulunjika ku Kachulu, makilomita 30 okha kapena kupitirira pang'ono. Akadzafika adzaona anyamata a zaka 11 akukoka makoka, ena akuyanika matemba, nthawi ya sukulu. Mnyamata wotere madzulo amakhala ndi ndalama yake m'thumba, pomwe mphunzitsi wake akudikira pa 27 ndi ngongole kugolosale. Umuuze chiyani kuti abwerere m'kalasi? Nyanja ikauma, monga mu 1995 ndi 2018, mabanja amasamuka ndipo rejisitala imatsala ndi mipata. Madzi akabwerera ana amabwereranso, koma ku bwato. Namondwe Freddy atawomba mu 2023 makalasi ambiri kummwera kuno anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pa mapu a chisankho, Chirunga ndi Kachulu amapakidwa utoto umodzi.

Tinayesanso kukhala ndi athuathu pampando. A Joyce Banda, a ku Malemia konkuno, analamulira kuyambira 2012 mpaka 2014. A Muluzi a ku Machinga analamulira zaka 10. Kamuzu anakhala zaka 30, anamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 komwe ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, koma mnzanga wina amene anaphunzitsa kumidzi ya ku Kasungu amandiuza za ana osowa m'kalasi nyengo yothyola ndi kusoka fodya, monga momwe anga amasowera nyengo ya matemba. Sindikunena kuti atsogoleriwa sanachite kanthu. Ndikungonena kuti mwana wa Sitandade 2 sadziwa kuti kwawo kunachokera pulezidenti.

Pali chinthu chimodzi chomwe mapu a mnyamata uja sanaonetse, mwina ndi akale. Mu 2013 Mississippi anali pa nambala 49 pa kuwerenga kwa ana a giredi 4. Chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo la kuwerenga. Anaphunzitsanso aphunzitsi momwe angaphunzitsire maliwu a zilembo, anatumiza alangizi kukakhala m'makalasi a sukulu zofooka, ankayeza ana pafupipafupi kuti aone wotsalira msanga, ndipo mwana wa giredi 3 wosatha kuwerenga sankapitirira. Pofika 2024 anali pa nambala 9. Amavotabe chimodzimodzi, ndipo akadali m'gulu la zigawo zosauka kwambiri kumeneko. Ena amati kubwereza ana kumakometsa ziwerengero, ndipo inenso kubwereza ndimakukayikira, poti kuno mtsikana akabwereza kawiri amangoona kuti wakula, n'kukwatiwa. Koma zinazo ndinaziwerenga ndikugwedeza mutu, chifukwa ndi ba be bi bo bu yemweyo amene anatiphunzitsa amayi ena okalamba pa Sitandade 1, atagwira kandodo koloza pa tchati. National Reading Programme yathu yomwe inayamba mu 2016 ili ndi maganizo ofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti mlangizi wa kumeneko amapeza ana oti angathe kuwawerenga ndi maso, pomwe a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, akabwera kwa ine amasowa popondera kuti afike kumbuyo kwa kalasi.

Ngakhale kuno kwathu tili ndi umboni wathu. Mu 2008 ndi 2009 ofufuza anapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi makolo awo m'madera ena a boma la Zomba. Omwe ankalandira pokhapokha ngati akupita kusukulu, ankapitadi kwambiri. Omwe ankalandira popanda lamulo lililonse, mimba ndi maukwati zinachepa pakati pawo. Palibe amene anafunsidwa kuti kwanu mumavotera ndani.

Ndinamulembera zonsezi mnyamatayo Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, uthenga wautali moti chala chinachita dzanzi. Anayankha usiku, kwawoko kukadali masana. Anati, "Amalume, mwandigonjetsa pa Mississippi, koma dikirani ndikutumizireni mapu a malipiro a aphunzitsi." Ndinamuuza kuti amenewo asatumize, ndingadwale nawo BP.

Lolemba m'mawa ndinawerenga mitu 94. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata amene anasowa milungu itatu, agogo ake anati anapita kunyanja ndi amalume ake. Anakhala kumbuyo kwenikweni, malaya akununkha utsi wa nsomba. Ndinalemba pa bolodi mla, kenako mba, n'kumuloza. Anayang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Anzake anayamba kuseka, ndinawaletsa ndi dzanja.

"Mlamba," anatero. Kenako anawonjezera yekha, osafunsidwa, kuti masiku ano ukugwidwa wochepa.