Hampu yomanga ndekha inandiyalutsa pamaso pa apongozi

Kwathu kuno ku Nchalo kuli kamsewu kafumbi kochoka pa M1 kulowa m'makomomu, ndiye anyamata a kabaza ya njinga zamoto anakasandutsa bwalo la mpikisano. Ukayanika zovala m'mawa pofika masana zatuwa ngati sunachape. Nkhuku zanga ziwiri zinapita, tsiku lina mwana wa sukulu anangotsala pang'ono kuombedwa. Ine poti pakamwa ndili napo ndinapita kwa amfumu kukanena kuti tiike hampu. Anavomera, nkundisankha ine ndemwe kukhala tcheyamani wa komiti. Apa ndi pomwe mutu unayambira kukula.

Mahampu a pa M1 aja mukawayang'ana bwino ndi otambalala, galimoto imakwera pang'onopang'ono nkutsikanso bwinobwino. Ine ndinati zimenezo ndi zamasewera, anyamatawa amangodumphapo akuseka, yathuyi ikhale yoti munthu akaiona azitsika yekha pa njinga. Tinatolera matumba a mchenga otsala aja tinkatchingira madzi nthawi ya Freddy mu 2023, zidutswa za njerwa, dothi mawilibala osawerengeka. Chinatuluka chinthu ngati mtumbira wa mbatata. Mkulu wina anati "a tcheya, awatu ndi manda si hampu" ine ndikuti thirani lina. Dothilo chifukwa cha ulesi tinakumba pompo kuseri kwa hampuyo ndiye panatsala kadzenje. Pomaliza ndinaimirira nkulengeza ndi pakamwa pangapa kuti aliyense wopezeka akugumula hampu alipira mbuzi kwa amfumu. Anthu anawomba m'manja.

Ine galimoto ndilibe, ndimapalasa njinga, ndiye zonsezi sizinkandikhudza. A magalimoto anangodzipangira kanjira kozembera chapambali pansi pa mtengo wa nimu.

Mu Okutobala apongozi anga aakazi anatumiza uthenga kuti akubwera kuchokera ku Bangula kudzaona mdzukulu. Ndinati apongozi anga pa kabaza ayi, aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Ndinabwereka Sienta ya mnzanga, ndinavala malaya a manja aatali mpaka tayi, dzuwa la kuno loti dzira likhoza kupsa pa bonati. Ndinawapeza pa siteji ali ndi achemwali awo, thumba la mapira, dengu la nsomba zouma, malambe a ana ndi nkhuku yomanga miyendo. Zonse tinalonga, galimoto inachita kukhala pansi. Iwo kumbuyo, ine maso patsogolo, ngakhale pa galasi loonera kumbuyo sindinkayang'ana, mukudziwa za apongozi.

Kufika pa nimu paja, mxii, aneba apakapo ngolo yawo. Ng'ombe amasula, iwo agona pansi pa ngoloyo chipewa kumaso. Kuno kuchigwa mthunzi ndi chuma, wofika msanga ndiye mwini, ndipo nkhani yopaka pamenepo takhala tikukangana kambirimbiri osagwirizana. Ndinaganiza zoliza hutala koma kudzutsa munthu wamkulu ndi hutala apongozi akuona, ayi. Ndinati ndi hampu yanga iyi, ndimaidziwa.

Ndinakwera bwinobwino. Kenako khooo! Pansi pa galimoto panalira ngati akukokera lata pa simenti. Sienta ija inakhalira mimba pamwamba pa hampu, matayala akutsogolo, omwe ndi amene amakoka galimotoyi, ali lendee pa kadzenje kanga kaja, kumangozungulira m'malere. Ndikaponda moto fumbi lokhalokha. Rivesi, chimodzimodzi. Ndikasuntha pa mpando galimoto yonse imachita kupendama ngati katungwe.

"Tafika kodi bambo?" apongozi kufunsa.

"Ayi amayi, galimotoyi ikupuma kaye, kwatentha."

Anakhala chete, nkusuzumira pa windo. "Koma abale, ndani wopanda nzeru anaumba chulu pakati pa msewu?"

Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinati "ndi anthu ena ake amayi, a komiti, ife timangoona."

Mawu asanathe nkomwe, phokoso la njinga zamoto. Anyamata aja, omwe aja ndinkawaloza chala pa msonkhano ndikuwatchula kuti zigawenga za pamsewu, anatizungulira ngati akhwangwala. Wina anavula chipewa mwaulemu wabodza nkukuwa kuti mudzi wonse umve, "A tcheya! Hampu yanu yomwe yakugwirani? Si munkati thirani lina?"

Kumbuyo kuja kunangoti zii. Kenako ndinamva achemwali a apongozi akutsokomola, chifuwa chija chobisira kuseka.

Kunyamula galimoto anati K5,000, palibe zonenerera. Ndinati anyamata tonse ndi amodzi, iwo akuti umodziwo unathera pa msonkhano. Anati onse atsike kaye kuti ipepuke, ndiye apongozi anatsika, thumba la mapira linatsika, dengu linatsika, nkhuku ija sindikudziwa inamasuka bwanji inangoti phuu kulowera ku nyumba za eni, ine pambuyo pake ndi tayi wanga ana akundichemerera ngati ndili pa mpira. Pobwera ndinapeza anyamata asanu ndi mmodzi aikweza galimoto, yadutsa, koma ekizozi yatsala pa hampu ili gone ngati njoka yakufa. Aneba a ngolo aja apa nkuti atadzuka, akungoonerera chipewa m'manja.

Nditaliza injini yopanda ekizozi ija phokoso lake ngati chigayo, apongozi anati "ayi bambo, zikomo, ife tikwera izi." Anakwera kabaza ya mnyamata wokuwa uja. Ndipo anawayendetsa mwaulemu bwanji, pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, mpaka pakhomo. Anamupatsa malambe atatu, nkumamuyamikira kwa mwana wawo kuti anyamata a kuno ndi oleredwa bwino.

Mnzanga wa Sienta sanalankhule zambiri, anangonditumizira mtengo wa owotcherera pa WhatsApp, popanda ndi moni yemwe.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Cha m'ma 11 ndinatenga khasu mwakachetechete kuti ndikaichepetse pang'ono chabe pamwamba, palibe angadziwe. Ndangokhapa kawiri, tochi kumaso. Aneba a ngolo, anatuluka kudzagona panja poti m'nyumba simukugoneka ndi kutentha.

"A tcheya, mbuzi ija ikhale yaikazi kapena tonde?"

Inapita yaikazi, yokhayo yomwe ndinali nayo, apongozi akuonerera pa mkeka ikukokedwa. Hampu ilipobe mmene inalili. Ndipo mukatsika pa Nchalo musavutike kufotokoza njira ya kwathu, mungomuuza wa kabaza kuti akakusiyeni pa Apongozi.