Lachinayi, tsiku la dilipi

Ndinadzuka 6 koloko kunja kudakali mdima, monga kumakhalira mumzinda wa Glasgow ku Scotland m'mwezi wa Febuluwale, mwendo wamanzere ukulemera ngati ndaumangirira njerwa. Lero linali tsiku lokalandira ocrelizumab, mankhwala amene amandilowetsa m'thupi kudzera mu dilipi kamodzi pa miyezi 6 chifukwa cha matenda a multiple sclerosis, oononga mitsempha ya muubongo ndi yamumsana, omwe kuno amangowatchula kuti MS.

Namwino anayamba wandifunsa ngati ndili ndi chimfine, chifuwa kapena kutentha pokodza, popeza munthu wodwala matenda otere amabwezedwa kaye mpaka atachira. Kenako anandipatsa mamiligalamu 100 a methylprednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa m'thupi, ndi piritsi loletsa ziwengo, ndipo posakhalitsa m'kamwa munayamba kumveka ngati ndavumata khobidi. Mankhwala enieniwo, mamiligalamu 600, anadontha kwa maola atatu ndi theka, ndipo atatha ndinadikira ola lina kuti aone ngati thupi lawalandira bwino.

Nthawi yonseyo ndinkakumbukira tsiku limene ndinasankha mankhwalawa. Dokotala anali atatchula natalizumab, wolandira pa masabata anayi alionse, koma magazi anga anaonetsa kachirombo ka JC, kamene pa mankhwala amenewo kakhoza kuyambitsa matenda oopsa a muubongo otchedwa PML. Ocrelizumab nayenso ali ndi zake: amapha maselo a B, omwe ndi gawo la chitetezo cha m'thupi, choncho anayamba andiyeza matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo katemera wa tizirombo tamoyo sindiloledwa kubayitsa. Chimene chinandivuta kumeza n'chakuti mankhwalawa sabweza zimene zinaonongeka kale. Amangoletsa moto kufalikira, koma udzu umene unapsa unapsa basi.

Dilipi ili pakati, amayi anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Chikwawa. "Kodi mitsempha ija yatseguka, mwanangu?" Sindiwaimba mlandu, chifukwa m'Chichewa liwu loti mitsempha timalitchulira yoyenda magazi ndi yonyamula mauthenga yomwe, ndipo iwo akaona singano pamkono amaganiza za magazi kapena sitiroko. Ndinawafotokozeranso za waya wa magetsi amene makoswe atafuna pulasitiki yake, kuti chitetezo cha thupi langa chimadya chikuto cha mitsempha ya muubongo ndi yamumsana, ndipo uthenga wopita kumwendo umafika mochedwa, nthawi zina osafika n'komwe.

Nkhani yeniyeni imene anaimbira inali ya ukwati wa mchimwene wanga, umene akufuna kuti uchitike mu Okutobala. Aliyense amene anakhalapo kuchigwa cha Shire amadziwa dzuwa la mwezi umenewo. Thupi langa likatentha pang'ono chabe, ngakhale posamba madzi otentha, diso lamanja limachita nkhungu ndipo mwendo umakana kunyamuka, zomwe dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, anazifotokoza mu 1890. Zizindikirozo zimachoka thupi likazizira, koma ku Chikwawa mu Okutobala munthu angazizire kuti? Ndinawapempha mwaulemu kuti akambirane ndi amalume ndi akuchikazi za mwezi wa Juni, nyengo yachisanu, dilipi ya Ogasiti isanafike. Anakhala chete kanthawi, kenako anati pachithunzi ndikuoneka wonenepa ndi wathanzi. Mawu amenewo ndi amene amandipweteka koposa, ngakhale akuchokera pachikondi, chifukwa kutopa kwa matendawa sikuoneka pankhope.

Ndinafika kunyumba 4 koloko, ndipo ufa umene ndinatulutsa m'mawa ndinaubwezera m'kabati, popeza dzanja silikanatha kutakasa nsima. Ndinatenthetsa mpunga ndi nyemba zadzulo. Tsopano ndi 1 koloko usiku, tulo tathawa chifukwa cha methylprednisolone uja, masaya akutentha, ndipo amayi atumiza uthenga woti amalume avomera kukambirana za Juni Lamulungu likubwerali akaweruka kutchalitchi.