Lachinayi, dzino lija lazulidwa

Ndikulemba nditakhala pabedi, tsaya lakumanzere likadali ladzanzi, m'kamwa mukumveka kafungo ka magazi.

Dzinoli linayamba kuwawa Lamlungu. Chisanu cha June kuno ku Joni sichicheza, ndiye mphepo ikangolowa m'kamwa ululu unkafika mpaka m'khutu. Lolemba usiku alamu anga anandipeza kukhitchini nditagwira tsaya. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala ka Grand-Pa. "Alamu, imwani aka mugone. Mawa ndikuperekezeni m'tauni, kuli munthu amazula motchipa, mphindi khumi basi zatheka." Ndinathokoza koma ndinakana zonse ziwiri, ndipo ndinaona kuti zawakhumudwitsa. Iwo amafuna kuthandiza. Vuto ndi lakuti mu Grand-Pa muli aspirin, pamene ine ndimamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku ndi tsiku kuyambira 2019, chaka chimene anandiika valavu yachitsulo mumtima, kachitseko koongolera magazi. Mankhwala awiriwa akakumana, magazi akayamba kutuluka savomera kuleka.

Valavu yanga inawonongeka ndili mwana kumudzi ku Zomba. Ndinkadwaladwala zilonda zapakhosi, kenaka mawondo kutupa, aliyense n'kumati ndi nyamakazi chabe. Mtima unkadyeka mwakachetechete mpaka ndinafika polephera kukwera masitepe kuntchito. Pano kukakhala zii usiku ndimaimva ikugunda ngati kawotchi, thi thi thi. Opaleshoni isanachitike ananditumiza kaye kwa dokotala wa mano, n'kundizula mano awiri obooka. Nthawi imeneyo zinandinyansa: ndabwerera mtima, iwo akulimbana ndi mano? Nesi wina ndiye anandikhazika pansi. M'kamwa mwa munthu aliyense muli mabakiteriya. Nkhama zikachekeka amalowa m'magazi, ndipo kwa anthu ambiri thupi limathana nawo msanga. Koma pa valavu yoikirira amapeza pokakamira, n'kuyamba kuswana pomwepo. Matendawo amawatcha endocarditis. Kuchiza kwake ndi masabata angapo uli chigonere m'chipatala ukulandira mankhwala a m'mitsempha, nthawi zina mpaka kutsegulanso chifuwa. Ine chipsera chimodzi chandikwana.

Dzulo ndinakapimitsa INR, kuyeza kwa magazi koonetsa mmene warfarin akugwirira ntchito. Anapeza 2.9. Kwa ine amafuna izikhala pakati pa 2.5 ndi 3.5, choncho mtima unakhala pansi.

Lero ndinanyamuka ku Rosettenville kusanache, takisi mpaka m'tauni, ina mpaka kuchipatala cha mano ku Parktown. Nditaitanidwa, ndisanatsegule n'kamwa komwe, ndinaika patebulo khadi langa la valavu ndi pepala la INR. Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono ndithu, koma mafunso ake anandikhutiritsa. Valavu iti? Yachitsulo kapena ya nyama? Penicillin amakuyanjani? Nditati amandiyanja, anandipatsa makapisozi anayi a amoxicillin (wa m'gulu la penicillin) a 500 mg, onse pamodzi 2 g, kuti ndimwe nthawi imodzi n'kudikira pabenchi pafupifupi ola lathunthu, kuti pozula mankhwalawo akhale ali kale m'magazi. Amene penicillin sawayanja amapatsidwa mtundu wina, bola anene.

Ndili pabenchipo foni inalira. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu analemba pa WhatsApp: "Asisi, ndikhulupirira mapilitsi aja munasiya masiku atatu apitawo, mungathe magazi." Ndinawayankha mwaulemu, koma m'mimba munatentha. Malangizo amenewa akhoza kupha munthu. Ukasiya warfarin pawekha, magazi amaundana pa chitsulo chija, valavu n'kutsekeka, kapena kachibuluma n'kuthothoka kupita ku ubongo, munthu n'kufa ziwalo. Magazi a dzino amaletseka ndi thonje ndi ulusi. Sitiroko ilibe thonje. Woyenera kusintha mankhwalawa ndi dokotala wa mtima yekha, ndipo pa dzino limodzi, INR ili bwino, kawirikawiri samakusiyitsa n'komwe. Tikamapereka malangizo m'magulu athuwa timachita mwachikondi, ndikudziwa, koma tizifunsa kaye.

Kuzula kwenikweni sikunatenge nthawi. Jakisoni wadzanzi, kugwedeza, kukoka, dzino lili m'kambale. Pabowopo anaikapo kanthu konga siponji, n'kusoka kawiri, n'kundiuza ndilume thonje mwamphamvu kwa theka la ola osayankhula. Sanandilole kupita mpaka ataona yekha kuti magazi aleka.

Potsanzikana ndi pamene anandidzudzula, mofatsa koma mosabisa. Anaona kuti nkhama zanga n'zotupa mbali imeneyi. Ndinavomera kuti ndinasiya kutsukako bwino chifukwa mswachi ukakhudza pamatuluka magazi, ndiye ndinkaopa. Iye akuti kumeneko ndiye kulakwitsa kwakukulu. Kuzula dzino kumachitika mwa apo ndi apo, komanso umakhala utamwa mankhwala okuteteza. Nkhama zodwala zimalowetsa mabakiteriya m'magazi tsiku lililonse, potafuna, potsuka, popanda wokuteteza. Ndigule mswachi wofewa, ndizitsuka m'mawa ndi madzulo ndi mankhwala a fluoride, ndizibwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ngakhale pasakuwawa. Mawu amenewa andikhala pamtima tsiku lonse, chifukwa ndakhala ndikusamala warfarin ngati dzira, mpaka kuyesetsa kuti mpiru ndi nkhwani ndizidya mofanana sabata ndi sabata kuopa kusokoneza INR, koma mano ndinawataya.

Ululu ukabwera, Panado yekha. Brufen ndi diclofenac ayi. Wina akadzandilembera Flagyl ndinene za warfarin, chifukwa amakweza INR koopsa. Lero ndisachukuche m'kamwa, ndisamwe zotentha. Ndipo masabata akubwerawa thupi likatentha popanda chifukwa, kapena ndikamatuluka thukuta usiku n'kumafooka, ndisati ndi chimfine cha chisanu n'kukagula mapilitsi kushopu. Ndithamangire kuchipatala, ndinene za valavu, atenge magazi kukapima asanandipatse mankhwala.

Madzulo amayi anaimba kuchokera kumudzi. Nkhani ya dzino inatha msanga, chifukwa ananena mongodutsa kuti mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi zitatu, mwana wa achimwene, wakhala masiku atatu akudandaula pakhosi, kumeza kukuvuta, thupi likutentha. Akumupatsa madzi amchere. "Amayi, chonde, mawa m'mamawa apite naye kuchipatala akamuone pakhosipo. Ngati ndi tizilombo tija tinandiwonongera mtima, penicillin ndiye mankhwala ake. Ine zinayamba chonchi." Anakhala chete kaye, kenaka anati apita naye okha. Ndatumiza ya kabaza.

Alamu andiphikira phala, alisiya lizizire patebulo. Warfarin ndamwa nthawi yake, 6 koloko. Thonje lina lili pafupi ndi pilo, kuti mwina usiku pangayambenso kudontha.