Kutsata mapazi a Ramon Casas ku Barcelona, Sitges ndi Olot

Wofuna kuona ntchito za Ramon Casas, katswiri wojambula wa ku Barcelona m'dziko la Spain, asayambe ulendo wake Lolemba. Tsiku limeneli nyumba zoonetsera zaluso za MNAC (Museu Nacional d'Art de Catalunya) ku Barcelona ndi Cau Ferrat ku Sitges zimakhala zotseka, chonsecho ndi nyumba ziwirizi zimene zikusunga zambiri mwa zojambula zake. Patulani masiku anayi kuyambira Lachiwiri, ndipo muvale nsapato zofewa, chifukwa mumzinda wakale wa Barcelona mumayendedwa wapansi.

Casas anabadwa pa 4 Januwale 1866 m'banja la mwanaalirenji. Bambo ake anapata chuma ku Matanzas, ku Cuba, pomwe mayi ake ankachokera kubanja la mafakitale a nsalu. Ali ndi zaka 15 anapita ku Paris kukaphunzira kwa wojambula wotchuka Carolus-Duran. Sankajambula kuti apeze ya ndiwo, n'chifukwa chake ankatha kusankha yekha choti ajambule, ngakhale chikhale chosakondweretsa akuluakulu a boma.

Yambani pa Passeig de Gràcia 96, pafupi ndi La Pedrera, nyumba yotchuka imene anakonza Gaudí. Nyumbayi inamangidwa cha m'ma 1899 kuti banja la Casas lizikhalamo, ndipo lero ndi sitolo ya zovala, choncho kulowa n'kwaulere. Kwerani m'chipinda cham'mwamba, muone malo osonkhapo moto osemedwa mwaluso ndi denga lake. Alendo ambiri amangoima pamzere wa La Pedrera osadziwa kuti nyumba ya Casas ayipitirira.

Kuchoka apo tsikani wapansi mpaka pa Plaça de Catalunya, mulowe Portal de l'Àngel, kenako mukhotere kumanzere mu Carrer de Montsió. Ndi ulendo wa mphindi ngati 20. Apa ndi pa Els Quatre Gats, malo odyera ndi kumwera amene anatsegulidwa mu Juni 1897, Casas ataikapo ndalama, mnzake Pere Romeu n'kumayendetsa. Pakhoma pali chithunzi chachikulu cha amuna awiri pa njinga imodzi: kutsogolo Casas wawerama, kaliwo ali kukamwa, chipewa chaphimba maso, kumbuyo Romeu wandevu akuyang'ana inu amene mwaima. Anthu amadzijambulitsa pansi pake n'kumapita ali okhutira, koma chimenechi n'chokopera chabe. Chenicheni chili ku MNAC. Malo a Els Quatre Gats anatsekedwa mu 1903, ndipo amene alipo lero anatsegulidwanso patapita zaka zambiri. Imwani khofi, muone nyumbayo imene anakonza katswiri wa zomangamanga Puig i Cadafalch, koma musathere tsiku pamenepo.

Mphindi zochepa kuchoka apo, mu kamsewu ka Petritxol, muli Sala Parés, yomwe mpaka lero imagulitsa zojambula. Umu Casas anaonetsa ntchito zake mu 1890 pamodzi ndi aluso anzake Santiago Rusiñol ndi Enric Clarasó. Mu 1899 anabweranso ndi nkhope za anthu zoposa 100 zojambulidwa ndi makala, ndipo mzinda wonse unagwedezeka. Mnyamata wina wa zaka 18, Pablo Picasso, anaziona, ndipo mu Febuluwale 1900 anakhoma nkhope zake za makala pa makoma a Els Quatre Gats pofuna kuonetsa kuti nayenso angathe.

Tsiku lachiwiri likhale la MNAC lokha. Tsikani sitima ya pansi pa nthaka pa Espanya, ya L1 kapena L3, mukwere phiri la Montjuïc pa masitepe oyenda okha. Loweruka kuyambira 3 koloko masana kulowa n'kwaulere, koma anthu amachuluka, ndipo zojambula za makala zimafuna kuziyandikira popanda wokukankhani.

Kwa ife, luso lenileni la Casas lili m'makalamu. Ankajambula munthu ataimirira, chovala chonse n'kuchimaliza ndi mizere yochepa yothamanga, ina yosakumana n'komwe. Mphamvu zonse ankaziika pankhope: apa makala adinikizidwa, apo afufutidwa kuti pepala liwale pachipumi ndi pamphuno. Nthawi zina ankawonjezera choko chamtundu pang'ono, n'kuwaza inki yopopera kuti kumbuyo kuchite ngati fumbi. Yang'anani mmene munthu waimira, pamene waika manja, mmene chipewa chapendekera. Mumamudziwa khalidwe musanawerenge dzina. Anajambula chotere olemba mabuku, oimba, andale ndi ojambula anzake, kuphatikizapo Picasso yemwe, ndipo zambiri zinatuluka m'magazini ya Pèl & Ploma imene ankaiyendetsa ndi Miquel Utrillo kuyambira 1899 mpaka 1903. Mu 1909 anapereka nkhope pafupifupi 200 kwa mzinda wa Barcelona.

Vuto lake ndi ili: kuwala kumawononga pepala, limachita chikasu n'kumafumbutuka. Choncho zojambula za papepala amazionetsa mosinthanasinthana, zochepa nthawi imodzi, zina zonse zili m'madirowa mumdima. Musanapite, onani pa webusaiti ya MNAC zimene zili pakhoma mwezi umenewo, kuopa kukwera phiri lonse pofuna nkhope imene yasungidwa. Zopentedwa ndi utoto sizisunthasuntha chotero. Mupeza njinga ija yeniyeni, ndi chinzake cha 1901 chimene chinailowa m'malo, pomwe awiriwa ali m'galimoto. Mupezanso Plein air, mayi ali yekha patebulo panja ku Montmartre ku Paris kukuzizira, ndi chithunzi cha mdipiti wa Akatolika wa chikondwerero cha Corpus Christi ukutuluka m'tchalitchi cha Santa Maria del Mar. Mdipiti umenewu ndi umene unaphulitsiridwa bomba pa 7 Juni 1896, koma Casas sanajambule magazi. Anajambula khamu lisanadziwe chimene chikubwera.

Zithunzi 12 zimene anapentera Cercle del Liceu pa La Rambla zili m'kalabu ya mamembala okha, ndipo simungangolowa popanda kupempha pasadakhale. Komweko kuli La Sargantain, chithunzi cha Júlia Peraire atavala chikasu. Júlia ankagulitsa matikiti a lotale, anali wamng'ono kwa Casas ndi zaka 22, ndipo abale ake a Casas sanamufune. Anakwatirana mu 1922, patatsala zaka 10 kuti Casas amwalire pa 29 Febuluwale 1932.

Ku Sitges mumapita ndi sitima ya R2 Sud kuchokera ku Sants kapena Passeig de Gràcia, mphindi ngati 40. Cau Ferrat, nyumba ya Rusiñol ya m'mphepete mwa nyanja, ili ndi chithunzi cha Casas cha holo yovinira ya Moulin de la Galette ku Paris, kumene iye ndi Rusiñol ankakhala cha m'ma 1890. Makoma ake adzaza thothotho ndi zitsulo, mbale ndi zithunzi, moti n'chapafupi kuchiphonya. Funsani oyang'anira akulozereni. Pafupi pomwepo pali Maricel, imene anamangitsa Charles Deering, mpondamatiki wa ku America yemwe anali bwenzi la Casas. Theka la tsiku likukwana.

Olot ndi kutali, kulibe sitima, mumakwera basi maola ngati awiri, ndiye ambiri amakusiya. Musakusiye. Ku Museu de la Garrotxa kuli La càrrega, chinsalu cha mamita pafupifupi atatu msinkhu ndi pafupifupi asanu m'litali, chimene Casas anapenta mu 1899, kenako n'kuchilemba chaka cha 1903 pambuyo pa sitiraka yaikulu ya 1902. Kudzanja lamanja wapolisi ali pa hatchi, lupanga m'manja, munthu wagwa pansi pa miyendo ya hatchiyo. Khamu likuthawa m'mbalimbali, kutali kukuoneka utsi wa mafakitale, ndipo pakati ponse pali bwalo lopanda kanthu. Pa foni bwaloli limaoneka ngati malo otayika. Mukaima patsogolo pa chinsalucho mumazindikira kuti ndi malo amene anthu angowathawa kumene, ndipo mantha onse a chithunzichi ali pamenepo. Chinapata mendulo yoyamba pa chionetsero cha dziko lonse ku Madrid mu 1904. Nyamukani ndi basi ya m'mamawa, ndipo nthawi ya basi yomaliza yobwerera ku Barcelona muifunse mukangotsika.