Lipoti la ulendo wa ku Cape Town wokaona kaunikidwe ka bondo lochitidwa opareshoni

Tinapita anthu 6, ojambula odwala 4 ndi madokotala a mafupa 2, ndipo tinakhala sabata yathunthu pa chipatala china chophunzitsira ku Cape Town. Cholinga chathu chinali kuona mmene anzathuwo amadziwira kuti mtsempha woikidwa m'bondo m'malo mwa ACL yoduka (ACL ndi mtsempha wa m'kati mwa bondo wolumikiza fupa la ntchafu ndi la msongolo) walephera kugwira ntchito. Mtsemphawo kawirikawiri amautenga kumbuyo kwa ntchafu ya wodwala yemweyo, n'kuulowetsa m'zibowo ziwiri zobooledwa m'fupa la ntchafu ndi la msongolo.

Tsiku lachiwiri anationetsa zithunzi za MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito) za mnyamata wosewera mpira, zojambulidwa patatha miyezi 7 chichitireni opareshoni. Mtsemphawo unkaoneka woyererako pakati, ndipo ine ndinafulumira kunena kuti waduka. Adokotala amene ankatitsogolera anafotokoza mofatsa kuti mtsempha wotere umamera timitsempha ta magazi pamene ukuzolowera malo atsopano, choncho pa zithunzi umayererako kwa chaka kapena kupitirira usanade bwinobwino. Woduka umadziwika poti ulusi wake sulumikizana, madzi aonekera pompo pomwe wadukira, ndipo fupa la msongolo lasendera kutsogolo. Kunena zoona manyazi anandigwira, koma ndi phunziro limene ndinabwera nalo losaiwalika.

Chimene chinatikhudza kwambiri ndi X-ray wamba. Akajambula bondo cham'mbali litawongoledwa kotheratu, pamaoneka mzere wotchedwa Blumensaat, umene uli denga la mpata wodutsamo mtsemphawo. Chibowo cha m'fupa la msongolo chiyenera kukhala kumbuyo kwa mzerewo, chifukwa chikakhala kutsogolo denga limakhula mtsempha nthawi iliyonse munthu akawongola mwendo mpaka umafooka. Kuboola pamalo olakwika ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zolepheretsa opareshoniyi. CT (njira ina yojambulira m'kati mwa thupi ndi X-ray) amaigwiritsa ntchito poyeza kukula kwa zibowo, ndipo zikafika cha m'ma mamilimita 15 amayamba azidzaza ndi fupa, opareshoni yachiwiri n'kudzachita patapita miyezi.

Popeza kwathu makina a MRI ndi ochepa pamene X-ray ikupezeka ngakhale m'zipatala za maboma, tinagwirizana pobwerera kuti wodwala aliyense wodandaula kuti bondo likumugwedezeka pambuyo pa opareshoniyi tiziyamba tamujambula cham'mbali, chidendene titachiika pa kathumba ka mchenga kuti bondo liwongoke.