Masheleni atatu ndi bokosi la agogo

Teremu ino pa phunziro la mbiri yakale tapatsidwa ntchito yolemba za mmene moyo wa makolo athu unasinthira pakati pa 1900 ndi 1930. Nditaona mutuwo ndinkaganiza kuti yankho ndili nalo kale: kunabwera amishoni, analetsa gule, analetsa chinamwali, miyambo nkuyamba kufooka. Ndinalembadi masamba awiri m'njira imeneyo. Lero masambawo ndawasiya pambali, ndipo chimene chandisiyitsa ndi bokosi lachitsulo limene lili kunsi kwa bedi la agogo anga kuno ku Nkhotakota.

Za amishoni sikuti ndi zabodza ayi. Aliyense wokulira pa boma pano amadziwa tchalitchi cha All Saints cha Anglican, pamene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira pa nyanja mu 1895. Mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA inakhazikika kuno mu 1894, nthawi yomwenso ufumu wa a Jumbe unkatha, ndipo inapeza Chisilamu chitazika kale mizu. Kumtunda, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anali atayamba ku Mvera mu 1889, ndipo ansembe a Katolika anafika ku Mua mu 1902. Ku Mua mkangano wa tchalitchi ndi nyau unakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920, mbali zonse ziwiri zikulimbirana anyamata: uyu akuti kusukulu, uyu akuti kudambwe. Ngakhale wansembe wa Anglican Leonard Kamungu, amene anadzozedwa mu 1909, anatumikirapo konkuno. Zonsezi zili m'kope langa.

Koma Loweruka lapitali ndinkawerenga notsi zanga pakhonde agogo akupeta mpunga, ndipo nditatchula mawu oti msonkho wa nyumba anaimitsa lichero. "Mwanawe, umenewo ndiye unatenga agogo anga aamuna," anatero. Analowa m'nyumba nkundiitana kuti ndikoke bokosi lija. Ndi lobiriwira, utoto unasupuka m'makona, loko anathyoka kale moti amamanga ndi chingwe. Mkati mwake masiku ano muli nsalu zopitira kumaliro ndi buku la nyimbo. Akuti linabwera kuchokera ku Halale pamutu pa munthu wina wa m'mudzi woyandikana nawo, muli bulangete, nsalu ziwiri ndi uthenga woti mwiniwake abwera chaka chamawa. Chaka chamawacho sichinafike. Anachona.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za msonkho, ndipo pamene ndafika ndi apa. Boma la atsamunda linkafuna masheleni atatu pa nyumba iliyonse pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika masheleni 6, koma amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka. Taonani mmene lamuloli linapangidwira: cholinga sichinali ndalama zokha, chinali kutulutsa amuna m'midzi. Kwa Mchewa wa nthawi imeneyo, amene chuma chake chinali nkhokwe, mbuzi, makasu ndi bwato, sheleni inali chinthu choti uchite kukachisaka kutali. Wolephera kulipira ankatha kumuwotchera nyumba, ndipo m'madera ena amesenjala ankagwira mkazi mpaka mwamuna atapeza ndalama. Ku Shire Highlands kunali minda ya azungu ndi thangata, malipiro ake ochepa. Ndiye anthu anayang'ana kummwera, ku Salisbury kumene ankati ku Halale, ndi ku migodi ya Johannesburg, ku Joni. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha ngati kwathu kuno chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo m'migodi, komabe amuna sanasiye kupita. Ankapita okha, wapansi, ulendo umene ankautcha selefu. Kamuzu Banda nayenso anachoka ku Kasungu ali mnyamata cha m'ma 1915 nkudzera njira yomweyo.

Tsono apa ndi pamene mutu wanga wakhala ukuzungulira. Ukwati wa Chichewa unali wa chikamwini. Mnyamata ankasamukira kwa mkazi, kumanga nyumba kumeneko, kulima m'munda wa apongozi, ndipo ankayesedwa ndi khasu, osati ndi thumba. Ana anali a mbumba ya mayi, ndipo wonena mawu omaliza pa iwo anali malume. Nanga mkamwini akachoka zaka zitatu, munda wa apongozi alime ndani? Nanga akabwera ndi njinga, jekete ndi ndalama zimene malume a mkazi wake sanazigwirepo, adzagwadabe ngati kale? Ambiri akabwerera ankapempha chitengwa, kupereka chiongo nkutenga mkazi kupita naye kwawo. Ena ankafuna kulipirira ana awo enieni sukulu m'malo mwa ana a mlongo wawo. Palibe mmishoni amene anaima paguwa nkulamula zimenezi. Inali ndalama ikusuntha mphamvu kuchoka kwa akuluakulu a mbumba kupita kwa mnyamata amene wayenda.

Ndipo amene anasenza katundu wolemera anali amayi otsala. Agogo akuti agogo awo aakazi anadikira zaka zambiri osadziwa ngati ali pabanja kapena ndi amasiye. Mwambo unali ndi njira yosudzulira munthu, unalinso ndi njira yolirira maliro, koma unalibe njira ya mwamuna amene sanafe komanso sanabwere. Ankhoswe ankangoyang'anana. Mayiyo analima yekha, kufolera nyumba mothandizidwa ndi alongo ake, nkulera ana atatu. Nditamva zimenezi ndinakhala chete kwa nthawi, chifukwa m'notsi zanga zonse za m'kalasi munalibe mzere ndi umodzi womwe wonena za mayi ngati ameneyu.

Nkhondo ya 1914 inangowonjezera pa bala lomwelo. Amuna ambirimbiri anagwidwa kukhala a tengatenga, kunyamula katundu wa asilikali kupita kumpoto ndi ku German East Africa, kumene lero ndi ku Tanzania, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za anthu akuda ofera nkhondo imene sinali yawo, asanaukire mu Januwale 1915. Nkhondo itangotha kunagwanso mliri wa fuluwenza wa 1918. Mafumu nawo anali pampanipani, pakuti lamulo la 1912 linawaika pansi pa bwanamkubwa wa boma ngati othandiza kutolera msonkho ndi kupeza anthu antchito. Mfumu imene kale inkateteza anthu ake tsopano inkawawerenga.

Chimene sindikufuna kulemba ndi choti makolo athu anangokhala manja lende miyambo ikuwathera. Sizinatero. Gule wamkulu sanafe, anatenga anthu achilendowo nkuwasandutsa zilombo zovina m'bwalo, monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya. A Dutch ataona kuti chinamwali sichingatheke kungochichotsa, anayambitsa chilangizo chawo cha mumpingo, ndipo alangizi alipo mpaka lero. Mganda ndi malipenga zimene timavina m'mbali mwa nyanja muno zinatengera perete wa asilikali: mizere yowongoka, makabudula oyera ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, maudindo ngati a ku usilikali, ndi malipenga a zipanda olira ngati a bandi. Ndili mwana ndinkayesa ndi gule wa makolo wa kalekale. Chikhalirecho ndi wa anyamata obwera kunkhondo ndi ku ulendo, amene mwina akuluakulu a nthawiyo ankawaona ngati osokoneza mudzi.

Ntchito ija ndiyenera kupereka Lachisanu. Ndayambanso kulemba, ndipo ndime yoyamba ikuyambira pa msonkho, amishoni abwera pambuyo. Dzulo ndinafunsa agogo ngati mwini bokosi uja anatumizaponso kanthu. Anati kamodzi kokha, kalata, koma m'mudzi munalibe wodziwa kuwerenga, ndiye anayenda nayo mpaka kwa mphunzitsi wa ku mishoni. Zimene zinalembedwamo iwo sanauzidwe, pakuti ana sankauzidwa zoterozo.