Tsiku lomwe ndinapachika bwato ku Connemara

Ine ndine mwana wa ku Nkhotakota, ndipo kunyadira kumeneko n'komwe kunandigwetsa m'mavuto. Mnzanga wa kuntchito ku Galway, m'dziko la Ireland, atanditengera kwawo ku Carna, m'dera la Connemara, tiyi asanazizire n'komwe ndinali nditawauza kale bambo ake kuti za nyanja asavutike kundiphunzitsa, ndinabadwira m'bwato. Madalawo anangogwedeza mutu n'kulankhula kenakake m'chinenero chawo cha Irish, mwana wawo n'kuseka.

Bwato lawo amalitcha currach. Si losema pamtengo ngati athu aja ayi, ndi timatabwa topyapyala tokutidwa ndi chinsalu chopaka phula. N'lopepuka moti amuna atatu amalisenza chozondotsa, n'kumaoneka ngati chikumbu chakuda chikupita kumadzi. Nkhafi zake n'zowonda ngati phaso la denga. Nditazigwira, bwato linangozungulira pamodzimodzi ngati galu wofuna pogona. Komabe tinavuula miono ya nkhanu zikuluzikulu zotchedwa lobster, n'kuwedzanso nsomba za mackerel zodzaza ndowa.

Pobwerera, madzi anali atafika pamlomo pa khoma la doko.

"Mwana wanga, manga bwatoli, koma chingwe usiye chachitali," anatero madala aja akukwera masitepe.

Ndinaseka chamumtima. Chachitali? Kwathu ukatero mwera ukubera bwato usiku womwewo. Ndinakoka chingwe mpaka gwa, kutsogolo kokha, ngati ndikumanga mbuzi yozolowera kudya chimanga cha eni. Ndowa ndinaiiwala momwemo.

Nyanja ya Malawi imatsika mwaulemu, pang'onopang'ono, mvula ikatha. Atlantic, nyanja yamchere ya kumeneko, alibe khalidwe limenelo. Amadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, maola 6 kubwera, maola 6 kupita, ndipo kugombe limenelo mwezi ukakhala wathunthu madzi amatsika mamita oposa 4. Izi tinaphunzira ndithu kusekondale, koma ndinazisiya m'chipinda cha mayeso.

Titabwerera kudoko madzulo, nyanja inali itasamuka. Bwato lili lende pakhoma, mphuno kumwamba, ngati nyama ya pabutchala. Nkhafi zili m'matope, ndowa chadodolido, mbalame za kunyanja zikuchita phwando ndi mackerel wathu. Anthu a m'mudzimo anali atafika kale, manja m'matumba, palibe woseka mokweza, zomwe zinandipweteka koposa.

Madala aja anavula chipewa, n'kuyang'ana bwato lawo nthawi yaitali. Kenako ananditembenukira.

"Mwana wanga, kwanuko mabwato mumayanika chonchi?"